Mpando wa kutsogolo pa boti la ku Pemba

Mayi anga ali ndi lamulo limodzi la paulendo limene sanaliphwanyepo chibadwire: iwo amakhala kutsogolo. Madalaivala onse a minibasi odutsa kwathu, kuseri kwa Nsaru, amawadziwa. Akafika pa siteji n'kupeza kutsogolo kuli kale munthu, sakangana naye. Amangoima pachitseko n'kumamuyang'ana mwachifundo mpaka munthuyo atsike yekha. Ine sindiwanena, chifukwa amene anakhalapo kumbuyo pa msewu wathu wokumbikakumbika uja amadziwa mmene mutu umagundira denga, thumba la feteleza litakupanikiza mwendo. Kumbuyo n'kwa katundu, amatero mayi, ndipo zaka zonsezi palibe anawatsutsa.

Lamulo limeneli tinapita nalo mpaka ku Pemba, chilumba cha m'nyanja yamchere, kutsidya kwa Dar es Salaam, kumene anakwatiwa mng'ono wanga.

Mng'ono wangayu ndi mzime m'nyumba mwathu. Anapita ku Lilongwe kukagwira ntchito m'sitolo, ndipo kumeneko anakumana ndi dalaivala wa thanki ya mafuta, munthu wamtali, wosalankhulalankhula, Msilamu. Anakwatirana kwa DC, popanda kwaya, popanda nthungululu za amayi a kutchalitchi amene mayi anali atawavinira m'maukwati a ana awo zaka makumi awiri. Zimenezi mwina akanazimeza. Chimene chinawakanika n'chakuti kwathu mkamwini amabwera kwa mkazi, amapatsidwa pomanga ndi polima, anthu n'kumamuona akusoka fodya m'chigafa. Akafuna chitengwa amapempha, ndipo chitengwa chimene timachidziwa ife n'cha ku Kabudula kapena ku Nambuma, koti zovuta zikagwa umapalasa njinga n'kufika tsiku lomwelo. Uyu anatenga mwana n'kupita naye koti ngakhale kabaza wa njinga yamoto sangafikeko.

Ndiye zovutazo zinagwadi. Bambo anatisiya, ndipo mng'ono wanga anafika patapita masiku asanu, maliro ataikidwa kale, anthu akusesa. Mayi anamupatsa moni ngati mlendo wa kumpingo wina. Atayamba kufotokoza, anamudula: "Mwafika ndithu, zikomo." Kuyambira pamenepo sanalankhulane. Akaimba foni ndinkayankha ndine, mayi ali chapafupi akusesa malo amodzimodzi mpaka nthaka kukumbika. Mkamwini wawo sankamutchula dzina. Anali "uja wa m'madzi".

Kenako kunabadwa mwana wamkazi, ndipo chithunzi chinafika pa foni yanga. Mayi anachiyang'ana ndi diso limodzi n'kundibwezera. Madzulo anandiitanitsa foniyo kuti aone nthawi. M'mawa mwake anafunanso kuona nthawi. Pasanathe sabata anati, "Makutu amenewa ndi a bambo ako. Ndipita ndikaone ngati akumusambitsa bwino. Sindikupitira iwo ayi."

Mng'ono wanga nditamuuza analira, kenako anandiuza mawu amene ndinayenda nawo ulendo wonse ali m'mutu. "Achemwali, abwere. Koma akadzamunyoza mwamuna wanga m'nyumba mwake, sindidzawaitananso, ndipo inenso sindidzapondanso kumeneko." Ndinkadziwa kuti sakuseka, chifukwa mutu wouma anatengera mayi omwewo. Ndinkadziwanso kuti mayi akonza mawu. Ndinkawamva akuwayeserera kudimba, akuuza mpiru za anthu otenga ana a eni ngati nkhuku ya pamsika.

Za basi ya ku Dar es Salaam sindinena zambiri. Tinakhala kutsogolo. Boti loyamba, lochoka ku Dar kupita ku Zanzibar, ndilo linatiwononga. Nyanja inali zii ngati madzi a m'beseni, mkati mukuzizira ngati m'banki, wailesi ya kanema ikuyimba. Tinakhalanso kutsogolo, mayi akusenda mtedza, akuyang'ana pawindo mwaukatswiri.

"Mesa iwe umati ndidzaopa?" anatero. "Iyi ndi basi basi, kungoti msewu wake alibe mabampu."

Alamu anga anatichingamira padoko la Zanzibar kuti tikwere limodzi boti lachiwiri, lopita ku Pemba. Anali atavala mkanjo woyera mbee, wosita mpaka m'khosi, ndi kachipewa kopeta. Atationa anachita zimene mkazi wawo anawaphunzitsa: ananjuta pansi chapatali, pakati pa anthu onyamula katundu ndi azungu a zikwama zakumsana, n'kuyamba kuomba m'manja mwa Chichewa. Anthu ankawalambalala akudabwa. Ine mtima unandiwawa pang'ono, chifukwa munthu anayesetsa.

Mayi anatembenukira kumbali n'kuyang'ana khoma.

Mwambo ulipodi kwathu woti mpongozi ndi mkamwini sayang'anizana m'maso, sakhala pa mkeka umodzi, akakumana panjira wina amapatuka. Koma masiku ano ambiri anaufewetsa. Mayi omwewa amadya mbatata mbale imodzi ndi mwamuna wanga, n'kumakangana naye za mpira wa pa wailesi. Tsiku limenelo mwambowo anaufukula ndi mizu yomwe, chifukwa unawapatsa njira yokanira munthu popanda wina kunena kuti achita mwano. Ndipo mwambo ukatere pamafunika wapakati. Wapakatiyo ndinali ine, mphunzitsi wa sitandade sikisi, mayi wa ana atatu, nditaima pakati pa anthu awiri otalikirana mapazi asanu.

"Uwauze kuti tafika bwino," anatero mayi.

"Akuti tafika bwino, alamu."

"Mlamu, uza mama, karibu sana. Uza mama lero mphepo yambiri. Asadye kwambiri. Tiyi pang'ono basi."

Chichewa chawo n'cha pa msewu, chotola m'malo omwetsera mafuta, koma chimamveka. Mayi anamva bwinobwino, komabe anadikira kuti ndibwereze.

"Wamva?" anatero nditamaliza. "Sitinafike n'komwe kwawo, ayamba kale kutiyezera chakudya."

Mayi ali ndi lamulo lachiwiri, loti munthu sakwera chinthu choyenda m'mimba muli mbee. Analowa m'kanyumba ka tiyi pafupi ndi doko n'kuitanitsa ndi chala: tchipisi chokazingira limodzi ndi mazira, mandasi anayi, tiyi wamkaka wonunkhira zokometsera. Anadya mwapang'onopang'ono, moonetsa, msana ataulozetsa kwa mkamwini amene anaima panja akuyang'anira zikwama. Inenso ndinadya. Ndinene zoona, ndinadya kuposa iwo, chifukwa tchipisicho chinali chokoma ndipo ndine mwana wawo.

Boti la ku Pemba linali lalitali, loyera, mphuno yake yosongoka. Tikulowa, alamu anandikodola.

"Mlamu, uza mama, kumbuyo kuli bwino. Pansi, kumbuyo. Kutsogolo hapana."

Sindinafunikire kubwereza. Mayi anaiwala kuti samva.

"Kumbuyo? Ndine thumba la chimanga ine? Uwauze kuti akhale okha kumbuyoko ndi abale awo."

Abale awowo analidi atadzaza kumbuyo. Amayi ovala zakuda, agogo a ndevu zoyera, ana, onse atathithikana m'mipando yakumapeto, pamene kutsogolo mizere itatu inali pululu. Munthu wanzeru akanadzifunsa. Ife tinangoona mwayi.

"Koma anthu akuno ndi ogona," anatero mayi akukhala pa mpando woyambirira weniweni, pawindo. "Mipando yabwinobwino chonchi."

Mayi wina wachikulire kumbuyoko anatikwezera dzanja n'kumatiitana. Mayi anamubayibitsa mwaulemu.

Tisananyamuke kunadutsa wantchito wa m'botimo akugawa timajumbo takuda, aliyense kake. Ntchito yake sanatiuze. Mayi anakatambasula, anakakoka uku ndi uku, n'kugwedeza mutu movomereza.

"Pulasitiki yolimba iyi. Si zija za ku Nsaru zong'ambika ndi tomato atatu. Bweretsa kakonso."

Ndinakana, osati chifukwa cha nzeru, koma ndinkafuna kuikamo nsapato za mwana. Iwo anatulutsa mtedza wokazinga umene anabweretsera mng'ono wanga, wa m'munda mwawo, umene pepala lake linali litayamba kubooka. Anaukhuthulira m'kajumbomo n'kumanga mfundo yawo ija, imene kwathu timaidula ndi mpeni chifukwa palibe anaimasulapo.

Poyamba zinali bwino. Tinkayenda m'mbali mwa chilumba, mitengo ya koko ikuoneka, timabwato tamatanga tikutsalira m'mbuyo ngati taima. Liwiro lake linali loti minibasi ya kwathu ikanachita manyazi. Mayi anati tikabwerera akauze amayi a kutchalitchi kuti za nyanja anthu amangokokomeza.

Kenako chilumba chinatha.

Mphuno ya boti inakwera. Inakwerabe, mpaka pawindo panangotsala mtambo wokhawokha. Ndiye inagwa, phwa! Matumbo anga anatsalira m'mwamba. Asanabwerere pamalo pake tinali tikukweranso. Madzi ankamenya windo ngati wina akuwakhuthula ndi ndowa. Pamenepo m'pamene ndinazindikira, mochedwa ngati mwana wolephera mayeso, kuti boti si minibasi: kumene kumadumpha n'kutsogolo, kumbuyo kumangotsatira. Anthu ogona aja anali atakhala phee, ena akugonadi.

Mayi anatulutsa korona. Anayamba mokweza, mawu ali bwinobwino, ngati akutsogolera kumphakati. Ine ndinayankha kawiri. Kachitatu ndinatsegula kajumbo kanga, ndipo tchipisi cha ku Zanzibar chinabwerera mmene chinalowera, ndi mandasi ake omwe.

"Aphunzitsi athunthu," anatero mayi. "Pamaso pa anthu. Ana ako a sukulu akanakuona."

Ndinaweramiranso kajumbo. Ndinali ndi zochita.

Anapitiriza korona, koma mawu ankachepa. Kenaka anasiya pakati pa pemphero, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita, ngakhale tsiku limene mbuzi inalowa m'tchalitchi. Nditawayang'ana ndi diso limodzi, nkhope inali itatuwa, thukuta lili kamukamu pamphumi m'kuzizira konse kuja. Ankalimbana ndi mfundo. Anaikoka ndi zala, anaiyesa ndi mano. Mfundoyo inachita zimene inaphunzitsidwa.

"Iwe," ananong'ona. "Uwauze..."

Sindikanatha kuuza munthu aliyense chilichonse. Wapakati anali atagwa pantchito, mutu uli pakati pa maondo.

Alamu anali ataona kale. Ndinaona mkanjo woyera ukubwera m'kanjira ka pakati, akugwira mpando uwu, kenako uwo, kajumbo kawo kali m'dzanja. Anafika pamzere wathu nthawi imene boti linagwanso. Anagwada mosafuna, ndendende patsogolo pa apongozi awo, kajumbo kasanatsegulidwe n'komwe. Ndipo mayi anga, amene anayenda masiku atatu atasunga ulemu wawo ngati dzira, anakhuthula zonse pa mkanjo woyera uja, kuyambira pachifuwa mpaka m'maondo.

Ine ndinkaganiza kuti basi, zatha. Munthu wina aliyense akanadzuka n'kulumpha. Alamu sanasunthe. Anatsegula kajumbo n'kukagwirizira, dzanja lina litagwira mayi pamphumi kuti asagunde mpando. Anandiyang'ana kuti ndiwalankhulire, anaona mmene ndinalili, n'kutembenukira kwa eni ake.

"Mama, pepani. Malizani, palibe kanthu. Kenako gwirani dzanja. Tipite kunja, kumbuyo."

Aka kanali koyamba kuti alankhulane maso ndi maso. Ndinadikira kuti mayi ayang'ane khoma. Koma khoma nalonso linkakwera ndi kutsika, ndipo chinthu chokhacho chosagwedezeka m'boti lonselo chinali dzanja la uja wa m'madzi. Analigwira ndi manja onse awiri.

Ine anandisiya pomwepo, ndipo mpaka lero ndimawakumbutsa. Ndinakwawa ndekha patapita nthawi, mpando ndi mpando, kajumbo kanga kali m'manja, mayi wachikulire uja akundiyang'ana mwachifundo chimodzimodzi chija mayi amayang'anira anthu pa siteji. Ndinawapeza panja, kumbuyo kwenikweni, pamene pali benchi ndi mphepo ndi phokoso la injini. Anakhala benchi imodzi, mapewa atagundana. Mayi anali atagwira pamphuno chibanthu cha ndimu chimene alamu anawapatsa, maso ali kutali kumene nyanja imathera, monga alamuwo anawauzira. Dzanja lina linali likadagwira mkono wa mkamwini, zikhadabo zitalowa. Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo. Palibe anandifuna.

"Nthawi zonse zimatere?" anafunsa mayi, mawu atasasa.

"Nthawi zina phee. Nthawi zina kuposa lero."

"Kuposa lero kulinso?"

"Kulipo, mama."

Mayi ananunkhizanso ndimu. Boti linakwera n'kutsika, koma kuno kunali ngati kugwedeza mwana.

"Mwana wanga amadutsa pomwe pano?"

"Njira ndi imodzi."

"Amasanza?"

"Kuposa inu. Iye amayamba boti lisananyamuke."

Mayi anatulutsa kamawu, sindikudziwa ngati kanali kuseka. Kenako anafunsa chimene ndikuganiza kuti chinawafikira pamodzi ndi nseru.

"Nanga nthawi ya maliro a bambo ake?"

Alamu anayang'ana pansi. Anafotokoza pang'onopang'ono, akusakasaka mawu. Uthenga utafika, anati, kunali mphepo yaikulu ndipo maboti anawaimitsa masiku awiri. Mkazi wawo anakana kubwerera kunyumba. Anakhala padoko ndi chikwama chake masiku awiri onsewo, akufunsa aliyense wovala yunifolomu. Boti loyamba kuloledwa analikwera, nyanja isanakhazikike, ndipo potsika anachita kumunyamula. Anakwera lachiwiri tsiku lomwelo, kenako basi.

"Iye anati mwina apeza sanaike," anatero. "Ine ndinadziwa sapeza. Sindinamuuze."

Zonsezi mng'ono wanga anayesa kuzinena tsiku lija, pakhonde, pamene mayi anamuuza kuti mwafika ndithu, zikomo. Inenso sindinamufunse, ndipo zimenezi zimandichititsa manyazi mpaka pano. Tonse kwathu tinkayeza ulendo wake ndi njinga.

Mayi anachotsa ndimu pamphuno n'kuifinya m'dzanja, madzi ake akudontha pa chitenje. Ankalira mosatulutsa mawu, ndipo mkonowo sanausiye.

Pemba inaoneka ngati phiri lobiriwira lotuluka m'madzi, ndipo nyanja inayamba kufatsa. Anthu anayamba kudzuka, kukonza mipango ndi zipewa. Apa m'pamene mayi anamuyang'ana bwino mkamwini wawo, kuyambira kukhosi mpaka kumapazi. Anali atayesa kutsuka ndi madzi a m'botolo, zimene zinangofalitsa nkhaniyo mkanjo wonse.

"Mutsika chonchi pamaso pa anthu a kwanu?"

"Palibe kanthu, mama."

"Kanthu kalipo. Imani."

Anatsegula chikwama n'kutulutsa chitenje chawo chatsopano, cha amayi a kutchalitchi, chimene anasungira kuti akavale polankhula mawu aja. Chili ndi chithunzi cha Amayi Maria kutsogolo ndi kumbuyo. Anamukulunga nacho mkamwini ndi manja awo, kuyambira m'khwapa, n'kumanga mfundo paphewa. Ndinafuna kunena kuti munthuyu ndi Msilamu ndipo akutsikira kwawo, komanso kuti mfundoyo adzachita kuidula. Alamu anandiyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono. Ndinatseka pakamwa.

Tinatsika chomwecho. Patsogolo dalaivala wamtali wa thanki, kachipewa kopeta kumutu, Amayi Maria pachifuwa, anzake a padoko akumuitana ndi kuseka mpaka kugwira m'mimba. Pamkono pake mayi anga, mpango utapendama, akuponda ngati nthaka ndi ya wina. Pambuyo ine, ndi zikwama zonse ndi kajumbo ka mtedza.

Mng'ono wanga anali ataima kuseri kwa chingwe, mwana ali pachifuwa. Nkhope anali ataiumitsa, atakonzeka kumva mawu. Ataona zimene zinkabwerazo pakamwa panangoti yasa. Anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana chitenje, anayang'ana ine. Kenako anakumbukira mwambo n'kuyamba kugwada.

"Dzuka, dzuka," anatero mayi. "Usandiyang'ane choncho. Wandiona ndikusanza uyu, ndimuthawirenso chiyani?"

Anamugwira mng'ono wanga kumaso ndi dzanja lonunkha ndimu. Mawu a kudimba aja ndinawadikira, sanabwere.

"Mwana wanga, sindinkadziwa kuti madzi ake ndi otere. Unabwera. Ine ndi amene sindinakulandire."

Mng'ono wanga analira mokweza, mwana naye anayamba, anthu a padoko anasiya kuseka. Mng'ono wangayo anafuna kuwapatsa mdzukulu pomwepo, koma mayi anabweza manja.

"Dikira ndikhale pansi kaye, ndingamugwetse. Dziko la kwanuli likuyendabe."

Anatembenuka, osayang'ana kumene ndinali ine, n'kutambasulira mkamwini wawo dzanja.

"Bambo, tandigwiraninso."